Keke Yopanda Dzira

Inu, nkhani ya Kafupi wa ku bekale munaimva? Khalani pansi!

Tsiku lina Kafupi akupukuta kauntala, kunalowa mnyamata wa magalasi, perefyumu yake kuposa fungo la mabanzi.

"Achemwali, muli ndi keke yopanda dzira, yopanda batala, yopanda mkaka wa ng'ombe?"

Kafupi anaseka. "Imeneyo ndi keke kapena njerwa?"

"Ndi ya amayi anga. Sadya chilichonse chochokera ku nyama. Tayesani ndi mkaka wa soya. Manja anuwo ndawaona, ndi odala."

Iii, mtima wa mtsikana unadumpha! Mnyamata wokonda amayi ake chonchi amapezeka kuti masiku ano?

Keke yoyamba inatuluka yolimba gwa! Yachiwiri inaphwa pakati ngati mpira wobooka. Anti a pakauntala ankangomuseka: "Iwe, ufa wa abwana uthera chibwenzi!"

Koma Kafupi sanafooke. Anatulukira kuti ukadonthezera viniga mu mkaka wa soya, n'kuusiya ugwirane pang'ono, kenako soda ndi mafuta, keke imafufuma yofewa ngati thonje.

Apo ndiye mameseji a mnyamata uja anayamba kugwa ngati mvula.

"Soya wanga, amayi anyambita ndi zala zomwe. Akuti wophikayu ndiye mpongozi wawo basi."

"Ndikulonjeza, wokondedwa, posachedwa ndikakuonetsa kwathu."

Kafupi ankawerenga mpaka mabanzi kupserera mu uvuni!

Kenako Wamagalasi anaitanitsa keke yaikulu yosanjikiza. "Amayi ali ndi phwando. Ujambulepo timitima. Aibweretse dalaivala wanu, iwe usavutike."

Asavutike? Mwayi woonana ndi apongozi? Kafupi anavala diresi yake yatsopano, n'kukwera nawo galimoto, keke ili pamiyendo.

Pageti anapeza mayi wina akukukuta mwendo wa nkhuku, milomo ili noninoni.

"Ndi keke ya mwana wanga ija? Lowa nayo, mwanawe."

"Ndinu... amayi ake?"

"Ndine amene."

"Nanga nkhukuyo? Paja simudya nyama?"

Mayi aja anaseka chikhakhali. "Ine kusiya nyama? Mungandiike m'manda! Wosadya nyama ndi mpongozi wangayo. Uyo akubwera apoyo."

Kunatulukira mtsikana wamtali, mphete ili waliwali pachala. Kumbuyo kwake Wamagalasi, maso ali pa nsapato.

"Ndinu mumaphika makeke aja?" mtsikanayo anamukumbatira Kafupi. "Mayo, zikomo! Mnyamata uyu ndinkamukanatu ine. Koma sabata iliyonse amvekere, 'Ndakupezera keke yako, wokondedwa.' Anandigonjetsa ndi makeke anuwa!"

Ndiye kuti kupsa zala konse kuja, Kafupi ankafunsirira mnzake? Ndi manja ake omwe?

"Ya ukwati mudzaphikanso inu, eti?" anafunsa mtsikanayo.

Kafupi anayang'ana Wamagalasi kuti mwina anena kanthu, ngakhale "pepa" chabe. Iye anali kalikiliki kupukuta magalasi ake.

Kafupi anatula keke patebulo bwinobwino, kuopa kuti timitima tingafufutike, n'kubwerera ku galimoto.

Dalaivala anangomuyang'ana kamodzi, n'kuzimitsa wailesi.