Chingwe cha Kumchira wa Amadilo

Madzulo amenewo tinadya nyemba ndi totiya, tizitumbuwa topyapyala ta chimanga, basi, monga dzulo lake ndi dzana. Fidelia anali ndi miyezi inayi, ndipo mkaka wanga unali utayamba kuchepa. Amuna anga, a Eleuterio, anandiyang'ana ndikusintha bere, mwana akulirabe.

"Ukuuma ngati phesi, mayi a Fidelia. Mawa udya nyama."

"Nyamayo mwaiona kuti? Kumaloto?"

"Amadilo. Wafukula munda wathu wonse. Tenga nyali."

Alamu anga, amene amasaka nawo, anali kodula nzimbe ku Cosamaloapan. Wounikira panalibe. Ndinabereka mwana, galu wathu Canelo patsogolo.

Amadilo, kanyama kachigoba kokumba maenje, savuta kupeza. Maso ake ndi achabechabe. Amayenda mphuno pansi, kufwenkha masamba, kusaka nyerere ndi mbozi, phokoso ngati kwalowa nkhumba. Chovuta n'kumugwira. Chigoba chake chimaterera, ndipo akalowa m'dzenje amadzitukumula n'kukanirira ndi zikhadabo. Ungakoke mchira mpaka kuche. N'chifukwa chake alenje amamanga chingwe kumchira, mbali inayo pachikhomo, ndiyeno n'kumakumba mosapupuluma.

Tinamupeza kumalire a munda. Canelo anamuluma mwendo wakumbuyo. Iye anadumpha m'mwamba, mmene amachitira akadzidzimuka, n'kuliyatsa liwiro. Tinathamangira phokoso lake m'tchire mpaka linatifikitsa pakhoma la manda. Pamenepo phokoso linatha.

Pansi pa khomalo panali dzenje. Canelo anaima patali, mchira pakati pa miyendo.

"Bambo a Fidelia, wa kumanda sadyedwa. Mukudziwa zimene amadya."

"Zonena za nkhalamba izo. Nyerere za kumanda zili ndi mtanda pamsana? Unika apa, iwe."

Ndinaunika. Pakhomo pa dzenjelo panali ulusi wa kangaude, wathunthu. Ndinauona, koma mutu unachedwa kundiuza tanthauzo lake. Amuna anga anali atagona kale pansi, mkono wonse m'kati.

"Ndaugwira! Wonenepa, mayi! Bweretsa chingwe."

Anamanga m'kati momwemo, mongofufuza. Chikhomo tinali titaiwala. Anakulunga mbali inayo m'chikhato chamanja, kudutsitsa m'zala.

"Mangani pamtengo."

"Mtengo uli kuti? Chingwe n'chachifupi ichi. Kanyama ka msinkhu wa mphaka kangandikoke ine?"

Anayamba kukumba ndi chikwanje kumanzere.

Ndipamene ndinamva masamba kumbuyo kwanga. Ndinatembenuza nyali. Amadilo uja anali pomwepo, mwendo wakumbuyo ukuchucha magazi. Pambuyo pake panali ana anayi, ofanana ndendende monga amabadwira nthawi zonse. Sankafwenkha. Onse asanu anali ataima duu, mphuno zitaloza kudzenje.

"Bambo a Fidelia," ndinatero motsitsa mawu, "amene timathamangitsa uja ndi uyu."

Anadzutsa mutu, n'kumuona.

"Nanga ndamanga chiyani?"

Chingwe chinakungika.

Anagwa chafufumimba. Mkono unalowa mpaka m'phewa, nkhope inamenya mwala wa maziko. Ndinamva mano akusweka. Ndinaika nyali pansi, n'kuwagwira miyendo. Ndinakoka, Fidelia akukuwa kumsana. Zidendene zanga zinalima dothi. Phewa linalira ngati nthambi youma.

"Mayo! Dula! Dula chingwe!"

"Chili m'kati! Ndidula pati?"

M'dzenjemo simunkamveka kanthu. Amadilo akakanirira amabuula, zikhadabo zimakanda. Ichi chinkangokoka mwakachetechete, ngati munthu akutunga madzi pachitsime. Chikakoka, chimapumira. Chikakoka, chimapumira. Ndinawerenga. Kachitatu, kupumira kwake kunali kotalikirapo.

"Chikasiyanso, mudziponye chagada. Mwamva?"

M'kamwa mwawo munali magazi okhaokha. Khosi linali litapindika pamwala. Ndinadziwa kuti chikakokanso kawiri, ndine wamasiye.

Chinapumira. Anadziponya. Dzanja linatuluka, lakuda bii, chingwe chitalowa m'mnofu. Chinayamba kale kubwerera m'dzenje. Nthawi yosankha podula panalibe. Ndinatola chikwanje n'kutema ndi manja awiri, monga ndimatemera nkhuni.

Chingwe chinaduka. Zala ziwiri nazo zinaduka, chaching'ono ndi chinzake. Ndinaziona zikulowa m'dzenje limodzi ndi chingwecho, pang'onopang'ono, mosafulumira konse.

Magazi anandithira mpaka kumaso. Ndinamasula nsalu yoberekera, n'kumanga dzanjalo zolimba. Mwana ndinamunyamula m'khwapa ngati dzungu, amuna anga atandikolekera paphewa linalo. Kucheuka sindinacheuke. Canelo tinakamupeza kunyumba, pansi pa bedi.

A Nabor, oyandikana nafe, anatitengera kuchipatala pa galimoto yawo yonyamulira nzimbe. Namwino anandifunsa amene anawatema.

"Ndine."

"Anachita chiyani, mkazi wina?"

"Bola akanakhala mkazi wina."

Kutacha, amuna asanu anapita ndi mafosholo. Dzenjelo linali lotalika mkono umodzi ndi theka, n'kuthera pamwala. Njira ina panalibe. Chingwe sanachipeze, zala ayi, ngakhale ndowe za nyama. Analikwirira, a Nabor n'kuthirapo simenti.

Kuchigayo amayi amanong'onezana ndikangotembenuka. Ena akuti kuseri kwa khomalo kunagona mlenje wina wakale amene nthaka inamukwirira akukumba amadilo, ndipo mpaka lero akufuna womukoka. Ena akuti ndinawatema dala, ndipo zinazo tinapangana. Amenewo ndimawasiya. Mwamuna ndili naye, iwo akanakhala pamenepo akanangolira.

Bala linapola. Khasu amagwira, ngakhale movutikira. Koma akuti zala zija amazimvabe. Sizipweteka ayi. Pali chimene chimazigwira n'kumakoka pang'ono, n'kupumira, n'kukokanso.

Bedi ndinalikankhira kukhoma. Iwo amagona kukhomako, ine kukhomo. Usiku wina ndinawafunsa kuti chimakokera kuti. Mkono unangodzuka wokha m'bulangete, n'kuwongoka kuloza kumanda, ndipo ndinachita kuutsitsa ndi manja awiri.