Ida ndi Supuni ya Mafuta a Nsomba

Ida ankakhala ku Mtendere, mumzinda wa Lusaka. Ankakhala ndi amayi ake, bambo ake ndi mlongo wake wamng'ono. Dzina la mlongoyo linali Dingani.

Ida ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti Dingani ayende.

Anzake a Dingani ankayenda. Ankathamanga. Ankapirikitsa nkhuku za eni. Koma Dingani ayi. Iye ankangokhala pamphasa. Akati aime, miyendo inkanjenjemera. Kenaka pansi phi! Ida ankamva chisoni kwambiri. Amayi nawonso mtima unkawapweteka.

Tsiku lina amayi anapita ndi Dingani kusikelo. Kusikelo ndi kumene amayeza ana. Anabwerako ndi botolo. Ida analikweza padzuwa. Ha! Botolo lonse linawala ngati uchi.

"Amayi, muli chani umu?" anafunsa Ida.

"Ni mafuta ya nsomba," anatero amayi. "Ba nesi bakamba kuti Dingani azimwa. Mafupa yake yazalimba."

Amayi anatsegula botolo. Mayo ine, fungo lake! Ida anatseka mphuno. Amayi anathira mafuta pasupuni. Dingani analawa. Anakwinya nkhope. Analavula. Kenaka analira, nalira, naliranso.

Ba Angelina a nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda. Iwowo ankadziwa zonse. Ngakhale zimene sankazidziwa, ankazidziwabe!

"Imwe amake Ida, mumuvutisila chani mwana?" anafunsa ba Angelina. "Mwana adwala mendo, osati mimba. Mankhwala ya mendo timazola ku mendo. Kwathu timachita choncho."

Amayi anaganiza. Mawuwo anamveka anzeru. Ndipo amayi sankafuna kuti Dingani alirenso. Basi, anamudzoza mafuta aja kumiyendo. Mawa lake anamudzozanso. Mkucha wake anamudzozanso.

Miyendo ya Dingani inayamba kunyezimira. Nanga mukudziwa anabwera ndani? Amphaka! Kunabwera mphaka wakuda. Kunabwera mphaka woyera. Kunabweranso kamphaka kopanda mchira. Onse ankafuna kunyambita Dingani. Ida anatopa nawo kuwathamangitsa.

Koma Dingani sanayende. Akati aime, miyendo inkanjenjemera. Kenaka pansi phi!

Tsiku la sikelo linafikanso. Ulendo uno Ida anapita nawo. Mzere unali wautali. Dzuwa linali kuswa mtengo. Kenaka anafika kwa nesi. Dzina la nesiyo linali ba Maud.

Ba Maud ananyamula Dingani. Ananunkhiza. Ananunkhizanso. Mwana yense ankanunkha nsomba.

"Aa! Mwanibweletsela mwana kapena kapenta?" anafunsa ba Maud.

Amayi anachita manyazi. Anayang'ana pansi. Ida ndiye analimba mtima.

"Ba nesi, mafuta yaja timamuzola ku mendo," anatero Ida. "Kumwa akana. Alila maningi."

Ba Maud sanakalipe. Anagwira dzanja la Ida. Analiika pamwendo wa Ida yemwe.

"Dina apa. Wamva cholimba mukati?"

"Namva," anatero Ida.

"Ilo ni fupa. Fupa linkhala mukati. Mafuta ya kunja siyafikako iyayi. Mwana afunika kumeza."

Kenaka ba Maud analoza chithunzi chapakhoma. Panali nsomba. Koma nsomba yake! Inali ndi mutu waukulu. Inali ndi kandevu pachibwano. Munthu ankainyamula ndi manja awiri.

"Mafuta yachoka m'chiwindi cha nsomba iyi," anatero ba Maud. "Inkhala kutali, m'nyanja yaikulu yozizila. Madzi yake ni yamchele. Ukaima ku mbali kuno, sungaone tsidya."

Ida anangoti kukamwa yasa. Iye ankadziwa kapenta, tinsomba ta pamsika. Ankadziwa madzi a pampopi. Koma madzi opanda tsidya? Nsomba yayitali ngati iyeyo? Ndipo mafuta ake anakwera sitima. Anadutsa mayiko. Anafika mpaka ku Mtendere, kwa Dingani!

"Supuni ing'ono imozi pa tsiku," anatero ba Maud. "Imozi chabe, osapitilila. Azisewela padzuwa la m'mawa. Azidya mazila na kapenta. Naiwe Ida ungamweko supuni yako. Yathandiza mafupa, yathandiza na maso."

M'mawa mwake amayi anatenga supuni. Dingani anaiona. Anatseka pakamwa kuti gwa! Amayi anamunyengerera. Dingani anapukusa mutu. Bambo anamuimbira mluzu. Dingani anapukusabe mutu.

Ida anaganiza. Iye akaomba m'manja, Dingani ankaomba m'manja. Iye akatulutsa lilime, Dingani ankatulutsa lilime. Chilichonse chimene Ida ankachita, Dingani ankachitanso.

"Amayi, nipaseni ine poyamba," anatero Ida.

Supuni inayandikira. Fungo lija linafika m'mphuno. Ida anachita mantha, tisabise. Koma anakumbukira nsomba yaikulu ija. Anakumbukira ulendo wake wautali. Anayasamula. Anameza.

Kalanga ine, kuipa kwake! Misozi inalengeza m'maso. Koma Dingani ankamuyang'anitsitsa. Tsono Ida anamwetulira. Anasisita pamimba.

"Mmm! Vabwino!" anatero Ida.

Dingani anayang'ana Ida. Anayang'ana supuni. Pang'ono ndi pang'ono anatsegula kakamwa. Anameza. Anakwinya nkhope. Kenaka nayenso anasisita pamimba.

"Mmm!" anatero Dingani.

Bambo anaseka mpaka kugwira nthiti.

Kuyambira pamenepo zinkatero m'mawa uliwonse. Supuni ya Ida. Supuni ya Dingani. Kenaka onse padzuwa. Masiku ena Ida sankafuna n'komwe. Koma ankamezabe.

Mvula inatha. Dingani anayamba kuima atagwira mpando. Nyengo yozizira inafika. Dingani anayamba kuyenda atagwira khoma. Koma akasiya khoma, pansi phi! Ida sanataye mtima.

Kenaka kunatentha. Linafika tsiku lokumbukira ufulu wa dziko la Zambia. Kumsewu waukulu kunkamveka ng'oma ndi malipenga. Ana a sukulu ankaguba. Ida anavala yunifolomu yake. Anatenga kambendera kake. Anathamangira kuchipata.

"Ida!" kanamveka kamawu kumbuyo.

Ida anacheuka. Dingani anali ataima pakati pa bwalo. Sanagwire mpando. Sanagwire khoma. Anangoima yekha, njo!

Amayi anagwira pakamwa. Bambo anaiwala nsapato m'manja. Ida anagwada pansi. Anatambasula manja.

"Bwela, Dingani," ananong'ona. "Bwela."

Dingani ananyamula phazi. Analiponda. Ananyamula linalo. Analiponda. Dzandi, dzandi, dzandi. Miyendo ija, miyendo yomwe ija, inali kuyenda! Anadutsa bwalo lonse. Anagwera m'manja mwa Ida.

Amayi analira ndi chimwemwe. Ba Angelina anaimba nthungululu pampanda.

"Ine ninakamba kudala kuti mwana uyu azayenda!" anatero ba Angelina. Palibe amene anawatsutsa. Tsikulo silinali lokangana.

"Tiyeni tonse tikaone ba bandi," anatero bambo. Anawerama kuti amunyamule Dingani paphewa.

Dingani anakankha dzanja la bambo.

"Iyayi!" anatero. "Nekha!"

Basi, ananyamuka onse. Dingani patsogolo. Ida pambali pake. Amayi ndi bambo pambuyo. Ankayenda pang'onopang'ono. Dingani akaima, onse ankaima. Dingani akayenda, onse ankayenda.

Pofika kumsewu waukulu, anapeza oguba atadutsa kale. Ng'oma zinkamveka kutali. Panangotsala fumbi.

"Pepa, Ida," anatero amayi. "Anzako bakusiya."

Ida anayang'ana mapazi a Dingani. Anali mbuu ndi fumbi la mumsewu. Chibadwire mapazi amenewo anali asanadepo chonchi.

"Basiyeni bapite," anatero Ida. "Ine niguba na Dingani."