Kadontho Kofiira Paphiri

Hamish Rourke analowa m'sitolo ya makamera ku Launceston tsiku lamvula, nsapato zili matope okhaokha, m'manja atafukata kamera yokulunga m'juzi ngati mwana wodwala.

"Achemwali, muli ndi kamera yosaopa madzi? Iyi yandifera paphiri."

Tegan, mtsikana wogulitsa m'sitolomo, anaitembenuza, madzi n'kutuluka pamalo a batire. Anaseka.

"Awa ndi maliro basi, bambo. Mumaisambitsa kapena?"

"Imasambitsa ndi nyengo yathuyi. Ine ndimangoperekeza."

Tegan anamutulutsira chikamera chimene anzake a m'sitolo ankaopa n'kuchigwira komwe, cha mtundu umene ojambula amati midiyamu fomati. Anamusonyeza thupi lake lachitsulo chopepuka, timphira totseka paliponse pamene madzi kapena fumbi zingalowere, ndi malo a makhadi awiri osungira zithunzi, kuti lina likafa lina litsale. Kenako anachotsa lenzi n'kumuonetsa diso lam'kati lolandira kuwala, lalikulu kuposa la makamera wamba.

"Mukajambula phiri lonse, mutha kukulitsa chithunzicho mpaka kuona mbalame ili panthambi. Mvula, chipale, mphepo, imapirira zonse. Limafooka ndi batire lokha kukazizira. Lapadera muzilisunga m'thumba lam'kati, pafupi ndi mtima."

"Kumeneko malo alipo ambiri," anatero Hamish akumuyang'ana m'maso. "Sikukhala munthu."

Kamerayo anagula. Sabata yotsatira anabweranso, ati akufuna kansalu kopukutira lenzi. Sabata inayo, kansalu kenanso. Ulendo wachitatu Tegan anamufunsa ngati tinsaluto amadya, ndipo tsiku lomwelo anakadyera limodzi payi ya nyama m'mbali mwa mtsinje wa Tamar.

Chikondi chinayaka ngati moto wa m'chilimwe. Tegan akapuma kuntchito m'kati mwa sabata, ankakwera mapiri awiriwiri, iye atasenza choimikapo kamera cha miyendo itatu, Hamish atasenza chikwama. Loweruka ndi Lamlungu sankaonana. Hamish ankati masiku amenewo ndi a mayi ake odwala ku Burnie, ndipo Tegan ankamukondera chomwecho. Mwamuna wosamala mayi ake angalephere kusamala mkazi?

Mauthenga okha sankaduka.

"Kuwala kwanga, kamera yako yanyowa tsiku lonse koma ikugwirabe. Wafooka ndine. Ndakusowa."

"Bwera ndidzakuumitse, chitsiru changa chokondedwa."

"Masamba a mitengo ya fagus akangoyoyoka, ndikutenga ukaonekere kwa amayi. Mphete ndaiona kale. Ndikulonjeza, Tegan."

Epulo anafika, mitengo ya fagus n'kuyamba kusanduka yagolide m'mapiri. Ojambula onse anathamangira kumeneko, sitolo n'kudzaza, ndipo Tegan sanaloledwe kupuma. Hamish anagona kwa iye n'kunyamuka yekha m'mawa. Ataphika tiyi, Tegan anapeza batire lapadera lili patebulo, loiwalika. Anapukusa mutu n'kuliponya m'thumba la jekete yake.

Masana uthenga unalowa: "Ndili pamwamba, kupitirira Mole Creek. Phiri lonse ndi golide. Madzulo ndikuimbira, duwa langa."

Sanaimbe.

Madzulo amenewo mphepo inatembenuka, kumapiri n'kugwa chipale.

"Hamish, watsika?"

"Wapamtima, ndiyankhe ngakhale liwu limodzi."

"Ngati ukuseka, nthabwala imeneyi ndi yoipa. Chonde."

Foni inali zii. Kutacha anapita kuntchito miyendo ikuchita kukokedwa. Tsiku linalo, akupukuta magalasi, wailesi ya m'sitolo inalengeza kuti apolisi akufunafuna bambo wina wojambula zithunzi, amene galimoto yake yapezeka kumapeto kwa msewu wa kuphiri. Tegan sanatsanzike aliyense. Anangotola jekete n'kuthamanga.

Njira yonse ankalankhula yekha ngati wamisala. Wavala zokwanira? Wadya chiyani? Munthu angagone panja kuzizira kotere n'kudzuka? "Usandisiye, Hamish. Usayerekeze kundisiya."

Kumapeto kwa msewu kunali matenti, magalimoto a apolisi, ndi anthu odzipereka ovala zaolenji akumwa tiyi choimirira. Phiri silinkaoneka, chifunga chinali chitameza zonse. Wapolisi wina wamkulu thupi, Sajeni Doyle, anamuimitsa.

"Ndinu wachibale, mayi?"

Tegan anangogwedeza mutu movomera.

"Lowani mutentimo. Mayi Rourke ali momwemo."

Mtima wa Tegan unasweka ndi chisoni. Mayi wodwala uja wabwera mpaka kuno? Anapukuta misozi, n'kukonza tsitsi. Si mmene ankafunira kuonana ndi apongozi ake, koma akawagwira dzanja, alirira limodzi.

Mutentimo munalibe gogo aliyense. Munali mkazi wamsinkhu wake, maso atatupa, atafunda bulangete, mphete ikunyezimira pachala.

"Pepani, ndimafuna mayi Rourke."

"Ndine. Marnie, mkazi wake wa Hamish. Inu ndinu ndani?"

Dziko linazungulira. Tegan anagwira mzati wa tenti.

"Ndine... wa kusitolo kumene anagula kamera. Ndimayesa kuti ndipeza mayi ake."

"Apongozi anga? Anatisiya kalekale, tisanakwatirane n'komwe."

Ndiye Loweruka lililonse lija ankapita kwa ndani? Mphete imene anaiona inali ya chala chiti? Tegan anafuna kutuluka, kuthamangira kugalimoto, osacheukanso. Koma pakhomo analowa Sajeni Doyle ndi munthu wina wa gulu lofufuza, atanyamula kamera ili pachoimikapo chake, chipale chikusungunuka pathupi pake.

"Taipeza itagwa pamwamba pa chitunda," anatero Sajeni. "Mwiniwake palibe. Batire lafa, ndipo kompyuta yathu ikukana kutsegula zithunzi za m'makhadimu. Anyamata afufuza mbali ya kum'mawa, kumene kuli njira, koma palibe ngakhale phazi. Kukada lero, mayi, sindikunamizani..."

Marnie anagwira mkono wa Tegan ndi manja onse awiri.

"Mwati ndinu wa kusitolo? Chonde, achemwali. Ngati mukudziwa kanthu, ndithandizeni. Ndilibe wina."

Tegan anayang'ana manja amene anamugwirawo. Anali ozizira ngati ake omwe. Wabodza uja anali kwinakwake m'chifungamo, mwina akupuma komaliza. Amusiye afe? Mtima wake wopusawo unali kumuitanabe ndi dzina.

Anapukuta kamerayo ndi mpango wake, n'kutsegula kachitseko ka batire. M'kati munali mouma gwa. Anatulutsa batire m'thumba lake, lofunda ndi thupi lake, n'kulilowetsa.

"Dzuka," ananong'ona. "Chonde dzuka."

Kagalasi kakumbuyo kanawala.

Zithunzi zomaliza zinali zambirimbiri, zonse za malo amodzi: chigwa cha golide, mitambo ikuyandikira pang'onopang'ono.

"Anaitchera kuti izijambula yokha pakapita kanthawi," anatero Tegan. "Amatero akafuna kukaima patali kuti aoneke m'chithunzi, anthu aone kukula kwa phiri."

"Ine sindikuona munthu," anatero Sajeni.

Tegan anakulitsa chithunzi. Miyala inayandikira, kenako mitengo, kenako masamba limodzilimodzi. Palibe. China. Palibe. Zala zinkaterera ndi thukuta ngakhale kunali kozizira. Anapita kungodya ya kumanzere, n'kukulitsa mpaka pamapeto.

Kadontho kofiira.

"Jekete yake," Marnie anafuula. "Ndi iyeyo!"

M'chithunzi chotsatira kadonthoko kanali kataima pamwala. M'chinacho chifunga chinali chitafika, ndipo kanayamba kubwerera, koma kolowera kolakwika, kumadzulo, kumene chigwembe chinatsegula kukamwa. Kenako zithunzi zinali zoyera zokhazokha.

Sajeni anayala mapu, n'kuloza ndi chala, n'kutuluka akulankhula pawailesi yake ya m'manja.

Anatsala awiri. Marnie anamuthirira tiyi, namufunditsa mbali ina ya bulangete lake. Anayamba kufotokoza za Hamish, mmene amaimbira molakwitsa akamatsuka mbale, mmene amaiwalira chilichonse kupatula kamera. Tegan ankazidziwa zonsezo. Analuma mlomo mpaka kumva magazi.

Dzuwa litapendeka, wailesi inalira. Amupeza pansi pa thanthwe m'chigwembe muja, mwendo wothyoka, thupi lozizira, koma akupuma.

Marnie anagwada m'matope akulira. Tegan anatembenukira kukhoma la tenti, mapewa akugwedezeka.

Ndege sikanatha kuuluka m'chifunga chotero, choncho anatsika naye pamachira. Nkhope yake inali yotuwa, milomo yong'ambika. Marnie anamugwera pachifuwa. Hamish anatsegula maso, ndipo pamwamba pa phewa la mkazi wake anaona Tegan.

"Hamish, wakupulumutsa ndi mtsikana uyu," anatero Marnie. "Ukumudziwa?"

Tegan anadikira. Ngakhale pamenepo, anadikirabe.

"Ndi a kusitolo aja," anatero Hamish motsitsa, maso akuthawira kumbali. "Zikomo kwambiri, achemwali. Mwavutika."

Achemwali. Mwavutika. Pakamwa pomwe paja pankatuluka "kuwala kwanga".

Tegan anatembenuka. Anapita kugalimoto yake, n'kukhala pachiwongolero osailiza. Anamva a ambulansi akuitana mayi Rourke kuti akwere, kenako mawu a Marnie: "Pitani naye. Ndibwera pambuyo."

Ambulansi inanyamuka. Chitseko cha mbali inayo chinatseguka, Marnie n'kukhala pampando, kamera ili pamiyendo. Anatsegula kachitseko kaja, natulutsa batire, n'kulitembenuza. Pansi pake panali kapepala komata kolembedwa H.R.

"Timapepala timeneti ndimamumatira ndine, pa katundu wake yense, chifukwa amataya zinthu," anatero modekha. "Batire ili linatuluka m'thumba lanu. Ndinaliona nthawi yomwe ija, koma ndinkafuna apezeke kaye."

"Sindinkadziwa," Tegan analira. "Ndikulumbira, mayi, sindinkadziwa kuti muliko."

"Ndinaona nkhope yanu nditatchula dzina langa. Ndikukhulupirirani."

Mvula inkagogoda padenga la galimoto. Kenako Marnie anakoka lamba n'kumanga.

"Lizani galimoto. Msewu ndi wautali, ndipo ndikufuna ndimve zonse ndisanafike kuchipatala. Muyambire tsiku limene analowa m'sitolo mwanu."

Tegan anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuliza galimoto.

"Kunkagwa mvula," anayamba.