Njinga ya Titaniyamu Imene Wannes Analonjeza

Mwana wanga Jolien anakumana ndi Wannes kuntchito kwake, pamalo omwera khofi m'tauni yathu ya Oudenaarde pomwe opalasa njinga amaima Lamulungu. Mnyamatayo analowa ali matope okhaokha, nati khofi wake asathiremo shuga, wobweretsayo ndi wokwanira. Zachibwana. Koma mwana wanga anaseka mpaka kugwetsa supuni.

Posakhalitsa Wannes anayamba kumutcha "Kambalame kanga." Za mphete anakana, akuti mphete n'za anthu osapalasa. Iye adzamupangitsira njinga yakeyake, ndipo akadzakwera limodzi chitunda cha Koppenberg, adzatchula tsiku la ukwati pamwamba pomwepo.

Awiriwo anakhalira kukhitchini kwanga kusankha felemu, thunthu la njingayo, ine ndikufuna kukolopa. Ya kaboni, Wannes anati n'njopepuka, koma ukagwa nayo imang'alukira m'kati osaoneka. Ya aluminiyamu imagwedeza mano pamisewu yathu yamiyalayi. Yachitsulo imakoma kukwera, koma mvula ya kuno imaidyetsa dzimbiri.

"Iwe yako ndi titaniyamu, Kambalame. Sichita dzimbiri, sifuna penti. Tidzakalamba ife, iyo ikadali."

Jolien atafunsa tsiku lokamuyeza, Wannes anati thupi lake amalidziwa kale, zoyeza n'zachiyani?

Kenaka anayamba kusowa. Lamulungu ankadutsa pakhofi osaima. Akayankha uthenga, mawu anali omwewo: "Pirira, wokondedwa. Njinga ikubwera." Mwana wanga anasiya kudya. Ankangokhala pawindo, foni ili m'manja, kudzidzimuka ndi tayala lililonse lodutsa. Kodi munthu n'kuwonda chonchi chifukwa cha mwamuna wometa miyendo ngati opalasa njinga anzake?

Loweruka lina anandigwira mkono.

"Amayi, ndiperekezeni kwa a Staf. Ndikangoiona basi. Ngati njingayo ilipo, ndiye kuti iyenso akadali wanga."

A Staf ndi bambo wachikulire amene amawotcherera mafelemu kuseri kwa siteshoni. Anati inde, ya Wannes yatha, naitulutsa. Yotuwa, yonyezimira. Jolien analira ndi chimwemwe, n'kunena kuti mwiniwake ndi iye. A Staf anafuna kuyankhula, koma mwana anali atakweza kale mwendo. Ndinaigwirira njinga kuti akhale pachishalo.

Phazi linangolendewera. Pedulo inali kutali. Kuti agwire mahandulo anachita kugona chafufumimba.

A Staf anavula magalasi. Anafotokoza, maso ali kwa ine, kuti felemu yotere amaidula potsata miyendo ndi msana wa munthu mmodzi, ndipo sapanga asanamuyeze. Wannes anachita kubwera yekha ndi mtsikana wina woti ayezedwe, wamtali ngati mlongoti, atagwirana manja.

"Tsitsani chishalo, bambo," anatero Jolien. "Chonde. Ndikwanapo."

"Chishalo chitsika, mwanangu. Felemu sifupika."

Jolien anati adzavala nsapato zazitali. Anati adzazolowera, msana ukapweteka adzapirira. Anati mwina a Staf asokoneza, ma Wannes ndi ambiri. A Staf anangoyang'ana pansi, akupukuta manja oyera kale.

"Tsika, Jolien," ndinatero. "Mkono wanga watopa."

Sanatsike. Anangokakamira mahandulo, misozi ikudontha pafelemu, akusakasaka pedulo ndi chala cha kuphazi.