ANamtedza a ku Sikelo

Zala za makinawo zinali zofewa ngati mphira, ndipo zinkaswa mtedza umodziumodzi mosafulumira. Makoko pansi, njere m'lichero. Enifa anaima pakhomo n'kumayang'ana, kenako anatsonya.

"Makina a kumsika amaswa thumba lathunthu munthu usanayetsemule. Inuyo chaka chingathe muli pa lichero limodzi."

"N'chifukwa chake ndimafuna wondithandiza," makinawo anayankha ndi mawu a mayi wachikulire. "Khalani pamphasapa, amake Mwandida. Awiri tifulumirako."

Chinali chaka cha 2068. Pa sikelo iliyonse m'boma la Mchinji panali kachipinda ka Mkhalanawe, makina othandiza amayi ovutika m'maganizo, koma anthu ankangowatcha aNamtedza. Makina oyamba a mtundu umenewu anali nkhope ya pagalasi yofunsa kuti, "Mukupeza bwanji?" Mayi aliyense ankayankha mwaulemu kuti ali bwino, n'kunyamuka. Zinawatengera zaka opangawo kuti aone chimene mayi aliyense wa kumudzi amachidziwa kale: za kumtima sizituluka anthu akuyang'anana m'maso, zimatuluka manja ali pa ntchito. Ndiye anachotsa nkhope ija, anaika manja awiri ndi khutu lotha kumva kapumidwe ka munthu, n'kuwakhazika makinawo pamphasa, pambali pa mlendo osati patsogolo pake.

Enifa sanabwere mwakufuna kwake. Namwino, mayi Kalilangwe, anaona kuti mwana wa miyezi isanu akunenepa bwino pomwe mayi wake akutha, ndipo anamupempha kuti alowemo. Mwanayo anatsala panja ndi apongozi a Enifa, aNankhoma.

"Zimene mungandiuze zimathera muno," anatero makinawo. "Anamwino ndimawauza pokhapokha moyo wanu kapena wa mwana uli pangozi, ndipo ndimayamba ndakuuzani inuyo."

"Ndilibe chonena. Ndili ndi madiresi anayi a ukwati oti ndisoke Loweruka lisanafike."

"Chabwino. Tingomaliza mtedza uli apawu."

Enifa anakhala, anatapa mtedza, n'kuyamba kuswa mwaukali. Makinawo sanafunse kanthu. Iwo akaswa umodzi, iye anali ataswa isanu. Lichero litafika pakati, mawu anangotuluka okha.

"Ndimamusambitsa. Ndimamuyamwitsa, ndimamudzoza mafuta. Koma ndikamuyang'ana zimakhala ngati ndikusungira mnansi mwana wake. Akalira ndimapalasa makina osokera kuti ndisamve. Dzulo ndinaima pachipata ndi chikwama, osadziwa kopita."

"Munaganizapo zodzipweteka, kapena zomupweteka mwanayo?"

"Ayi. Kuthawa basi." Enifa anapukuta mphuno ndi chitenje. "Mayi wanji wotere?"

"Mayi wodwala. Amenewa ndi matenda a kukhumudwa kwakukulu. Amagwira amayi ambiri akabereka, ndipo amachizika. Si ufiti, si kuipa mtima. Lachitatu dokotala wa maganizo amalankhula ndi amayi kudzera pagalasi la m'chipinda chinacho, ndipo ngati pafunika mankhwala adzakuuzani ndi iyeyo. Inenso ndizikhala nanu. Koma miyendo anandimana. Mwana akamalira kwanu kuja, ine ndidzakhala ndili muno. Pakufunika munthu wa kunyumba wodziwa zimenezi. Alipo ndani?"

"Abambo ake amagwira ntchito kutali, amabwera pa mwezi kamodzi. Ndimakhala ndi amayi awo." Anatsitsa mawu. "Amenewo ndiye ayi. Chibadwire mwanayu sachoka pakhomo panga, ngati mlonda. Ndikapita kumjigo ali pambuyo. Akungodikira ndilakwitse, anene kuti ndapenga, andilande mwana."

"Mwina ndi choncho. Ine sindikuwadziwa, ndipo sindingakunamizeni kuti adzamva. Mukafuna, tiwaitanire muno, munene ine ndilipo, anamwino ali pafupi. Mukakana, kwa ine sadzamva kanthu."

Enifa anaswa mtedza wina, ndi wina. Anaganiza za Mwandida akukulira kumsana kwa munthu wina. Anaganizanso za chikwama chija, chimene chinali chikadali kuseri kwa chitseko ndi zovala zake.

"Aitaneni. Ndatopa."

ANankhoma analowa atabereka mdzukulu wawo, nawayang'ana makinawo kuchokera pamapewa mpaka pansi.

"ANamtedza otchuka aja ndi amenewa? Ndimayesa ndi munthu wa mutu."

"Mutu unatha ine ndisanafike, amayi. Koma mphasa ilipo."

"Pakamwa ndiye anakupatsani."

Anakhala, anawongola miyendo, ndipo manja awo anapita okha pa mtedza. Enifa anafotokoza zonse maso ali m'lichero. Sanasiye ngakhale za chikwama. Atamaliza anadikira.

ANankhoma anapitiriza kuswa.

"Gelesomu, mwamuna wanuyu, atabadwa," aNankhoma anayamba pang'onopang'ono, "ine ndinasiya kudya, ndinasiya kulankhula. Tsiku lina ndinauza mlamu wanga zimene mwanenazi. M'mawa mwake anabwera ndi chingwe chondimangira. Ananditengera kwa sing'anga kutsidya kwa malire, mwana anamupereka kwa azakhali ake. Ndinabwerako ali ndi mano, akundithawa."

Enifa anadzutsa mutu.

"Inu ndinakuonani mwezi woyamba womwe, amake Mwandida. Maso amenewo ndimawadziwa. Koma ndikanayamba bwanji? Ndinkaopa kuti ndikatchula, mphepo imva. Ndiye ndinkangokhala pakhomo panu, kuti wina akabwera ndi chingwe apeze ine."

Enifa analira mokweza, mmene sanalirepo chibadwire mwanayo. Mwandida anadzidzimuka kumsana n'kuyamba kulira naye. ANankhoma anamusuntha mwanayo n'kumuika pamiyendo ya mayi wake, dzanja lawo lili pamsana pa onse awiri.

"Mwana ndi wanu, palibe akumutenga. Ine ndizimubereka masana, inu muzigona. Madiresiwo mugawane ndi mnzanu wosoka wa kumsika uja. Mkwatibwi sangafe."

"Lachitatu muwaperekeze, amayi," anatero makinawo. "Ndipo akamalankhula ndi adokotala, inu mudzakhale muno ndi ine."

"Kudzatani? Zanga n'zakale."

"Zaka zingati?"

"Makumi atatu ndi zinayi."

"Munauzapo ndani pa zaka zonsezo?"

ANankhoma anasasa makoko pachitenje chawo. "Mtedza wakewo udzakhale wouma bwino. Uwu ndi wonyowa."

Enifa sanachire tsiku limodzi. Panali masabata amene mankhwala ankaoneka ngati sakugwira, ndi masiku amene ankadzuka thupi lili lolemera ngati thumba la mchenga. Koma Lachitatu lililonse ankapita, ndipo pofika nyengo yokolola ankamuimbira Mwandida pomusambitsa, popanda womuuza.

Chimene opanga makinawo sanachiganizire chinabwera ndi aNankhoma. Lachitatu lachiwiri anafika ndi mnzawo wa kumvano. Lachitatu lotsatira anafika anayi. Posapita nthawi, Enifa akamatuluka kwa dokotala ankapeza mzere wa amayi a imvi pakhonde la sikelo, opanda mwana kumsana, aliyense ndi kalichero kake. Ena anali atasunga nkhani zawo kuyambira makinawo asanalotedwe n'komwe. Mayi Kalilangwe anachita kuwapatulira tsiku lawolawo, n'kupempha Mkhalanawe wachiwiri.

"Agogo, khadi la mwana lili kuti?" ankawaseka motero mayi Kalilangwe.

"Mwanayo ndi mphunzitsi wamkulu ku Kasungu," wina anayankha tsiku lina. "Ndabwerera za pamene anabadwa."

Enifa anaima atanyamula Mwandida n'kumawayang'ana amayiwo mmodzimmodzi. Ambiri ankawadziwa: oimba patsogolo kutchalitchi, ophika pa maliro, olangiza atsikana. Matenda amene anthu ankati ndi a ana amakono anali akale kuposa sikeloyo, chatsopano chinali malo owanenera.