Mabowo Anayi Pakhoma la Khola

Chimene Burul anayamba kuona m'mawa umenewo chinali mzere pachipale chofewa. Unayambira pampata wa khola, pamene khoma linagumuka, n'kulowera kuphiri ngati wina amakoka ndodo, ndipo m'mbali mwake munali mapazi a miyendo itatu yokha. Atawerenga nkhosa, imodzi panalibe.

Burul anali mayi wamasiye. Mwamuna wake Mamyt anamusiyira nkhosa makumi anayi, nyumba yadothi pansi pa phiri, ndi mfuti yakale yausilikali imene apongozi ake anaifupikitsa kuti ikhale yosakira. Mkulu wake wa malemuyo, Toktosun, anali atanena kale kuti nkhosa zikangoyamba kutha, Burul atsikire kumudzi, ziweto zilowe m'khola mwake, iye azikatsuka mapoto a mkazi wake.

Usiku wotsatira mphepo inaleka, kunja kunangoti zii. Kenako patali panamveka kachitsulo kakugunda miyala. Ngwere. Bata. Ngwere. Galu sanauwe, anangokanda chitseko akulira chapansipansi. Phokosolo linatsika phiri mosafulumira, linazungulira nyumba, n'kukaima pakhola. M'mawa nkhosa ina inali itapita.

Nkhani inafika kumudzi Burul asanaphike tiyi. Amayi ankanong'onezana kuti Mamyt anafa atakokedwa ndi hatchi, phazi litakodwa m'chitsulo chopondapo cha pachishalo, ndipo amene anamva tsikulo ankati chinkalira chimodzimodzi pamiyala.

Toktosun anakwera ndi hatchi yake, n'kutsitsa mfuti pakhoma osapempha. Anabisala paudzu wouma, mapazi makumi atatu kuchokera pampata. Mwezi unali mbee. Chinthucho chitafika, chotuwa, chotsimphina, anawombera kawiri. Chinangotembenuka, n'kumuyang'ana, n'kubwerera mumdima. Mawa lake zinachitikanso chimodzimodzi.

Toktosun analowa m'nyumba n'kutsamiritsa mfuti pakhoma.

"Mlamu," ananong'ona, "ine ndinali msilikali. Pamtunda ngati uwu ndimaswa dzira. Zipolopolo zikungodutsa m'thupi mwake. Uja ndi mng'ono wanga, akutenga zake chifukwa iwe ukuchita makani."

"Alamu, Mamyt ali moyo sankadzuka usiku ngakhale nkhosa ikubereka. Khama limenelo wakaliphunzira kumanda?"

"Seka. Lachisanu ndikubwera ndi anthu, tidzatsitsa nkhosa zonse."

Burul anamuseka, koma atatsala yekha anakumbukira kuti Mamyt nayenso ankatsimphina mwendo wakumanja.

Burul sanali munthu wokhala pansi n'kumalira. Kutacha anakanda dothi kuti atseke mpata uja, ndipo akumata, chala chake chinalowa m'kabowo. Anayang'anitsitsa. Mabowo anali anayi, oyandikana moti chikhatho chake chinawaphimba onse, m'mwamba ndithu, chakumanzere kwa mpata. Anaima kanthawi dothi likuuma m'manja. Ndiye anakumbukira chitsulo chachitali chosongoka chimene ankasonkhezera moto. Kale chinali kumphuno kwa mfutiyo. Mamyt anamuuzapo akuipukuta kuti asilikali anaikonza kuti iziwomba molunjika chitsulocho chili pomwepo, ndipo chichotsedwereni imaponya m'mwamba chakumanzere. Toktosun sakanadziwa. Mfuti inatsala kwa Mamyt, mwana womaliza, pamodzi ndi nyumba, ndipo Toktosun anali asanaiwomberepo.

Dothi analisiya, mpata osatseka. Zipolopolo zinatsala zitatu. Anaimika beseni lakutha kuseri kwa nyumba, n'kulozetsa mfuti pansi pake chakumanja. Beseni linadumpha, bowo pakati penipeni.

Usiku wa Lachinayi anagona chafufumimba paudzu uja atafunda chikhoto cha chikopa cha malemu. Chisanu chinaluma zala mpaka anasiya kuzimva. Mitambo inkaphimba mwezi n'kuuvundukulanso. Nkhosa zinasiya kubzikula, zonse pamodzi, ngati wina waziuza.

Ngwere.

Phokosolo linali kumbuyo kwake. Sanatembenuke. Anamva kupuma kolemera kukudutsa pafupi ndi udzu, fungo la ubweya wonyowa, ndi chitsulo chikukwekwereza pang'onopang'ono. Mthunzi unafika pampata, unaima, n'kutembenuza mutu. Maso awiri anamuyang'ana modekha, ngati akumudziwa.

"Mamyt, ngati ndiwe," ananong'ona, "undikhululukire. Koma nkhosazi ndadyetsa ndine."

Analoza pachifuwa, n'kutsitsa mfuti pansi chakumanja, pamene panalibe kanthu koma mdima. Mtima unkakana kuwombera pachabe. Anawombera.

Mapiri anabweza phokosolo kangapo. Anakoka chitsulo cha mfuti, chikhokhombe cha chipolopolo chinagwa, analowetsa chipolopolo chomaliza n'kudikira. Chitsulo chokwekwereza chija sichinalirenso.

Lachisanu Toktosun anafika ndi amuna anayi ndi zingwe. Anapeza Burul akusenda mmbulu waukulu wotuwa pakhomo, mikono ili magazi okhaokha. Kumwendo wakutsogolo kwa chilombocho kunali msampha wachitsulo ndi unyolo woduka, umene unkajambula mzere uja. Paunyolopo panali waya wofiira, chizindikiro chimene chigwa chonse chinkachidziwa.

"Alamu, m'bale wanu uyu," anatero Burul. "Wabweza msampha wanu umene munati anakuberani."

Amuna aja anaseka mpaka mmodzi anagwira chishalo kuti asagwe.

"Toktosun, dzira lija linali lalikulu bwanji?" anafunsa mmodzi wa iwo, poti zoswa dzirazo Toktosun ankadzitama nazo ponseponse.

Toktosun anangotola msampha wake osayang'ana munthu.

"Zingwezo musabwerere nazo zosagwira ntchito," anatero Burul akupukuta mpeni. "Hatchi mumange apo. Dothi lili uko, khoma langa likudikira. Koma mabowo anayi awo musamate."