Lipoti la Mabuleki

Ndinasunga mafayilo pa kampani ina ya mafuta a galimoto ku Mandala kwa zaka makumi atatu, ndipo sindinatayepo pepala ngakhale limodzi. Sindine munthu wa nthano. Ndikunena zimene ndinaona.

Lachiwiri lina madzulo, Tisungeni, mwana wa mchemwali wanga yemwe akugwira ntchito komweko, anafika kwathu ku Soche nkhope ili yakugwa.

"Amalume, zavuta. Akuba a pa intaneti anatseka makompyuta athu onse, amafuna dipo. Mabwana akana, ndiye mafayilo awamwaza poyera. Ngakhale akale anu aja, paja tinawajambula onse. Anthu akungotumizirana pa foni."

Anatsanzika napita. Ndinkadziwa pepala limene linali mmenemo.

Mu 2009 thanki yathu ya dizilo inagubuduzika pa mtsetse wa ku Chikwawa, dalaivala wake a Mikaili nafera pomwepo. Kampani inati anali atamwa. Msilamu wosaphonya swala ku mzikiti, atamwa! Koma sabata imodzi ngozi isanachitike iwo anali atalemba lipoti kuti mabuleki sakugwira. Bwana anandiuza kuti ndiliwotche. Ine sindiwotcha pepala la ntchito. Ndinalidinda tsiku, ndinasaina, ndinaliika mu fayilo ya zolembera ndi inki, ndipo ndinatseka pakamwa.

Lachiwiri lomwelo, magetsi anazima cha m'ma seveni. Ndili mkati mofufuza machesi, ndinamva fungo la dizilo. Kwathu kulibe galimoto.

Go! Go!

"Odi, a kalaliki."

Dzina limenelo linatha pamene ndinapuma ntchito. Ndinatsegula pang'ono. Pakhonde panaima munthu wa ovololo, chisoti chili m'manja, monga ankaimira madalaivala pa kauntala yanga. Nkhope sinkaoneka. Pansi pankadontha. Tho. Tho.

"Ndinu ndani?"

"Mwayamba liti kuiwala anthu a m'mafayilo anu?"

Mawuwo ndinawazindikira.

"Lipoti lija latuluka," anatero. "Ana anga aliona pa foni. Koma kwathu akuti za pa intaneti ndi zopeka, aliyense angalembe. Siginecha ili pamenepo ndi yanu, a kalaliki. Paja ndinu mkulu wa mpingo, ndipo mkulu wa mpingo sanama. Mukanena inu amva."

"A Mikaili, ndikanena, kumpingo ndidzaima bwanji?"

"Ana anga aima zaka zonsezi ngati ana a chidakwa."

Magetsi anayaka. Pakhonde panalibe munthu.

Mmawa mayi oyandikana nafe anandifunsa kuti thanki yaikulu ija inakhota bwanji m'kanjira kathu, kamene ngakhale minibasi sikwana. Anati inaima injini ikulira, yopanda nyali.

Ndinavala jekete ndi taye, ndinakwera ya ku Limbe. Nyumba ndinaipeza mofunsa. Amayi Ramla, mkazi wa malemu, anali pakhonde ndi ana awo atatu, akuluakulu tsopano, ndi akulu awiri a ku mzikiti. Sindinauze munthu aliyense kuti ndikubwera.

"Ndabwera kudzanena za lipoti," ndinatero. "Ndi lenileni. Ndinalibisa ndine."

Palibe anadabwa. Pambali panali mipando iwiri yopanda anthu. Ndinapita pa woyandikira kuti ndikhale, koma mayiwo anandigwira mkono.

"Ayi bambo, khalani winawo. Pamenepo akhala kale eni ake. Akufuna amve okha."